Zotsamira mkono za Fairmont GT ya 1971: mmene tinapulumutsira khungu lake loyamba

Galimotoyo inafika pamalo athu ogwirira ntchito ku Booysens, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, Lolemba lina m'mawa, kumayambiriro kwa mwezi wa Julayi, chisanu chisanasungunuke pa udzu wa m'mphepete mwa msewu. Tinaimva isanaonekere, chifukwa injini ya V8 ya malita 5.8 ili ndi mawu akeake, okhuthala ndiponso odekha, amene munthu sangawasokoneze ndi a maminibasi amene ine ndi malume anga timasoka mipando yake tsiku ndi tsiku. Inali Ford Fairmont GT ya chaka cha 1971, ndipo mwini wake ndi bambo wina wachikulire wochokera ku Dedza, yemwe wakhala kuno ku Joni zaka zoposa 30 ndipo ali ndi malole onyamula katundu pakati pa Johannesburg ndi Lilongwe. Atatsika anapereka moni, kenako anatsegula chitseko cha dalaivala n'kuloza chotsamira mkono, chija a kuno amachitcha armrest. Pamwamba pake panali potuwa, ndipo utoto wakuda unali ukusupuka ngati khungu la njoka yofundula.

"Achimwene, galimoto iyi sinakwanitse n'komwe makilomita 70,000 chiigulireni mwini wake woyamba," anatero bambowo polankhula ndi malume, "nanga zinthuzi zikusupukiranji ngati za galimoto ya matola?"

Funso limenelo ndi limene landichititsa kulemba nkhani ino, chifukwa yankho lake ndi limene linatsogolera ntchito yonse imene tinagwira. Anthu ambiri amaganiza kuti galimoto imakalamba ndi mtunda umene yayenda, ndipo pa injini ndi pa magiya zimenezo n'zoona ndithu, koma za m'kati mwa galimoto zimakalamba ndi zaka, ndi dzuwa, ndiponso ndi manja a anthu amene anayesapo kuzikongoletsa. Galimoto ikhoza kugona m'galaja zaka 20 osatuluka ngakhale kukafika pa geti, khungu la zitseko zake n'kumauma mwakachetechete.

Kwa amene simukuidziwa, Fairmont GT inkalumikizidwa ku Port Elizabeth, mzinda umene tsopano ukutchedwa Gqeberha, kuyambira 1970 mpaka 1973, pogwiritsa ntchito zipangizo zochokera ku Australia, kumene galimoto yomweyi imadziwika kuti Falcon GT. Injini yake ndi ija yotchedwa 351 Cleveland, ndipo pakati pa boneti pamatulukira chopumira mpweya chimene chimanjenjemera limodzi ndi injini galimoto ikaima pa maloboti. Inali nyengo yomweyo imene Basil Green ankaika V8 mu Ford Capri kuno ku Johannesburg n'kuitcha Perana, ndipo mu 1973 kunatulukanso Chevrolet Firenza Can-Am, imene anapanga 100 zokha. Ma Fairmont GT ambiri anagulidwa ndi anthu a ku Australia n'kubwerera kwawo pa sitima, kotero kuti otsala muno ndi ochepa, ndipo otsala ndi zinthu zawo zoyamba za ku fakitale ndi ochepa kwambiri. Malume anandikumbutsa kuti agogo anga, amene anabwera ku migodi kudzera ku Wenela m'zaka zomwezo, magalimoto oterewa ankangowaonera patali akudutsa. Kuona makiyi ake ali m'manja mwa munthu wa ku Dedza kunatichititsa kuti ntchitoyi tiitenge ngati yathuyathu.

Chotsamira mkono cha magalimoto a nthawi imeneyo chinapangidwa mosanjikiza. M'kati muli chitsulo chopyapyala chimene chimagwira masikuluu, pamwamba pa chitsulocho pali siponji ya polyurethane, ndipo siponjiyo inakutidwa ndi khungu la vinyl, lomwe ndi pulasitiki wa mtundu wa PVC wodindidwa timizere kuti azioneka ngati chikopa cha ng'ombe. PVC payekha ndi wouma ngati mapaipi a madzi amene timagula kuhadiweya, ndipo kuti afewe amamusakaniza ndi mankhwala amafutamafuta otchedwa plasticiser. Mankhwala amenewa sakhala m'menemo mpaka kalekale. Amatuluka pang'onopang'ono, makamaka kukatentha, ndipo aliyense amene anayendetsapo galimoto yakale amadziwa kautsi konona kamene kamamata galasi lakutsogolo cha m'kati ngakhale mwini wake sasuta fodya. Mbali ina ya kautsi kameneko ndi mafuta a vinyl amene achoka m'dashibodi ndi m'zitseko. Mafuta akachepa khungu limauma, limakhwinyata n'kumakoka m'mphepete, kenako limang'aluka pamalo pamene limapindika kwambiri, ndipo siponji ya pansi pake imafumbutuka n'kusanduka ufa wachikasu ngati gaga.

Mzinda uno umafulumizitsa zimenezi. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotere dzuwa limapyoza kwambiri ngakhale tsiku limene munthu wavala juzi. M'nyengo yozizira mpweya umauma mpaka milomo kung'aluka, pamene m'chilimwe galimoto yotsekedwa magalasi ikaima padzuwa m'kati mwake mumatentha kupitirira madigiri 60. Pa chotsamira cha dalaivala pamawonjezerekanso thukuta, mafuta odzola a pachigongono, ndi kukoka kwa dzanja nthawi iliyonse imene chitseko cholemera chija chikutsekedwa.

Malume sanayankhe msanga funso la bambo aja. Anagwada pambali pa chitseko, anayatsa tochi n'kuipendeketsa kuti kuwala kuziyenda chopingasa pakhungupo, kenako anakanda pang'ono ndi chikhadabo pamalo pamene utoto unali utatukuka. Kachidutswa kamene kanachoka kanali kouma, konyezimira pamwamba, ndipo atakapinda pakati pa zala kanathyoka ngati chigoba cha dzira. Pansi pake panaoneka khungu lakuda motuwira, timizere take tonse tili bwinobwino. Anandiuza kuti ndimate tepi ya mapepala pamalo ena n'kuikoka mofulumira, ndipo tepiyo inabwera ndi utoto wochuluka. Umboni wotsiriza tinaupeza pansi: mitu ya masikuluu inali yakuda ndi utoto womwewo, ndipo m'mphepete mwa chikuto cha chitseko munali kamzere ka nkhungu yakuda pamene wopopera anaphimba mosakwanira.

"Bambo, chimene chikusupukachi si khungu la ku fakitale ayi," anatero malume. "Alipo amene anaona kuti zatuwa, n'kupopera penti wa m'chitini, yemwe timapakira mageti uja, osazimasula n'komwe pachitseko. Khungu lenilenilo lili pansipa, ndipo likadali lamoyo."

Penti wa zitsulo akauma amakhala wolimba, pamene vinyl imapindika nthawi iliyonse munthu akatsamirapo, ndiye zinthu ziwirizi sizingayendere limodzi kwa nthawi yaitali. Komanso mafuta aja otuluka m'khungu amasonkhana pansi pa penti n'kumamumatula, ndipo ngati poyamba pankapakidwa polishi wonyezimiritsa wokhala ndi silikoni, penti amakhala kuti sanagwire kuchokera tsiku loyamba. Pa zotsamira zinayi za galimotoyi, zitatu vuto lake linali lokhali. Cha dalaivala chinali ndi matenda ena awiri: khungu linali litalekana ndi siponji pamalo ogwira potseka chitseko, ndipo pamwamba panali mng'alu wa masentimita pafupifupi 4 umene unkatulutsa ufa wachikasu munthu akadinapo.

Apa ndi pamene tinasiyana maganizo ndi mwini galimoto kwa kanthawi. Iwo anafunsa ngati sitingangozikuta zonse ndi chikopa chatsopano, ndipo ndinene zoona, ntchito imeneyo ndi imene timaidziwa bwino, ikanatha m'masiku awiri, ndipo ikanatibweretsera marandi ambiri pa ola lililonse kuposa imene tinasankha. Njira ina inali kuitanitsa zatsopano ku Australia, kumene kuli makampani amene amapangabe zipangizo za ma Falcon akale. Ine ndinakana njira yoyamba ndi mtima wonse. Chotsamira cha ku fakitale chinaumbidwa m'chikombole, chilibe msoko, ndipo chikopa chosokedwa chimabweretsa mizere ya ulusi pamene sipanakhalepo ulusi chiyambire. Chikhoza kukongola, koma chimakhala chinthu china, ndipo aliyense amene amapita ku misonkhano ya kalabu ya okonda magalimoto akale ya Piston Ring ku Modderfontein amachizindikira asanasuzumire n'komwe pawindo. Zoitanitsa kunja sindinazinyoze, ndipo pa galimoto imene za m'kati mwake zinatheratu ndikanazilimbikitsa, koma timizere ta khungu latsopano ndi kuda kwake sizifanana ndendende ndi chikuto cha chitseko chimene chaona dzuwa zaka zoposa 50. Galimoto yoyenda mtunda wochepa mtengo wake uli pa chinthu chimodzi, chakuti zimene munthu akuziona ndi kuzigwira ndi zomwe zinatuluka nayo m'fakitale, ndipo chinthu chotere chikachotsedwa sichibwereranso.

Bambowo anakhala chete, akusisita chiwongolero, kenako anati akufuna kupita nayo ku Cars in the Park ku Zwartkops, kufupi ndi Pretoria, chionetsero chimene chimachitika mu Ogasiti, ndipo anafunsa ngati tingamalize nthawi isanakwane. Malume anati tiyesetsa, koma ngati khungu lifuna masiku ena owonjezera tidzalipatsa. Anavomera.

Kumasula sikunavute. Ndinajambula chitseko chilichonse pafoni, ndinasankha sikuludiraiva yokwana bwino pamutu wa sikuluu kuti isaterereke n'kubaya chikuto, ndipo masikuluu a chotsamira chilichonse ndinawaika m'kajumbo kakekake kolembedwa. Chokhacho chofunika kusamala n'chakuti munthu asakoke chotsamira sikuluu yomaliza isanatuluke, chifukwa thabwa lopyapyala la kuseri kwa chikuto limakhala litauma ndipo limathyoka msanga.

Ntchito yeniyeni inali yotsuka ndi yochotsa penti, ndipo inadya nthawi kuposa zina zonse kuziphatikiza pamodzi. Ndinayamba ndi madzi ofunda, sopo wamadzi wotsukira mbale wa Sunlight, ndi burashi yofewa, kutsuka katatu konse, ndikusamala kuti madzi asalowe m'mabowo a masikuluu n'kunyowetsa siponji. Zitauma ndinayamba kumatula penti ndi tepi, kumata ndi kukoka, kumata ndi kukoka, mpaka tepi inasiya kubwera ndi kanthu. Wotsalayo ndinkamupala ndi khadi yakale ya pulasitiki yogonekedwa, osati mpeni kapena sandipepa, chifukwa sandipepa amadya nsonga za timizere n'kusiya khungu losalala ngati la mpira. M'timaenje ta pakati pa timizere penti anali atakhazikika, ndipo m'menemo munkalowa mswachi woviikidwa m'mankhwala otsukira otchedwa isopropyl alcohol, kenako kamtengo kotokosera mano, kadontho kamodzikamodzi. Ndinkagwira ntchitoyi madzulo, mipando ya maminibasi ikatha, nditakhala pafupi ndi hita, chotsamira chili pamiyendo, tizidutswa takuda titamwazika pa nyuzipepala ngati nsabwe. Chotsamira chimodzi chinkanditengera madzulo atatu kapena anayi.

Pa chachitatu ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikulemba izi kuti wina asadzabwereze. Nditaona masiku akutha, ndinaviika kansalu mu thinners, mankhwala osungunulira penti aja, n'kupukuta pansi pa chotsamira cha kumbuyo kumanzere, poganiza kuti ndikapukuta mofulumira khungu silimva kanthu. Penti anachokadi nthawi yomweyo, koma pansi pa chala changa khungu linafewa n'kuyamba kunanda, ndipo nditachotsa kansalu timizere tinali titasungunuka pamalo aakulu ngati chala chachikulu, patatsala chipsera chonyezimira. Malume anayang'ana osakalipa. "Mphwanga, kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero, "khungu ili ladikira zaka 50, silingalephere kudikira iwe mlungu umodzi." Thinners ndi acetone amasungunula vinyl yeniyeniyo, ndipo palibe njira yobwezera timizere toyamba pamalo pamene tasungunuka. Chipseracho chili pansi, moyang'anizana ndi mpando, pamene munthu saona pokhapokha atagwada, koma ine ndikudziwa kuti chilipo ndipo ndi dzanja langa limene linachiika.

Penti yense atachoka tinaona chinthu chimene chinasintha mapulani athu. Zotsamira ziwiri za kumbuyo, zimene anthu sankakhalako kawirikawiri, zinali zakuda bwino, zongotuwa pang'ono chabe, ndipo titazipaka mankhwala otetezera vinyl opanda silikoni zinagwirizana ndi zikuto za zitseko popanda kuwonjezera utoto uliwonse. Tinagwirizana kuti zimenezo tizisiye momwemo, ndipo zikhale muyezo wathu wa mtundu umene ziwiri za kutsogolo ziyenera kufanana nawo.

Cha dalaivala ndinachisiyira kumapeto dala, kuti manja anga akhale atazolowera khungulo. Vinyl yakale ikazizira imathyoka, choncho ndinayamba ndi kuifunditsa ndi chowumitsira tsitsi, ndikuchiyendetsa uku ndi uku mpaka khungu litafunda moti dzanja n'kupirira, osapitirira pamenepo. Mfuti youzira mpweya wotentha kwambiri imene timagwiritsa ntchito pa mipando ya maminibasi sindinaiyandikize, chifukwa masekondi ochepa okha amakwanira kunyezimiritsa khungu kapena kulikhwinyatitsa. Litafewa ndinalitukula pang'onopang'ono kuchokera pansi, pamene linali litamatuka kale, ndipo m'kati ndinapeza dzenje lokwana zala ziwiri, lodzaza ufa wachikasu wonunkha chinyezi cha kalekale. Ndinausesa ndi kaburashi mpaka nditafika pa siponji yolimba, imene ikadinidwa imabwerera. Chitsulo chinali ndi dzimbiri pang'ono mozungulira bowo limodzi la sikuluu, ndipo ndinalipala n'kupakapo mankhwala oletsa dzimbiri, n'kusiya kuti ziume usiku wonse. M'mawa mwake ndinadula siponji yatsopano yolimba, yokulirapo pang'ono kuposa dzenjelo, ndinaisema ndi lezala mpaka italowa mothina, kenako ndinaisalaza pamwamba kuti chala chikamayenda chisamve pamene yakale yathera ndi pamene yatsopano yayambira. Khungu silibisa kanthu. Kabampu kakang'ono kosiyidwa pa siponji kamadzaonekera pamwamba dzuwa likawomba.

Nkhani ya guluu ndi imene imagwetsa anthu ambiri, ngakhale a ntchito yathu yomweyi. Guluu wamba wachikasu, yemwe timamatira nsapato ndi makapeti, amagwira bwino mlungu woyamba, koma mafuta aja a m'vinyl amamulowerera n'kumufewetsa, ndipo chilimwe chikafika amasanduka phala lonanda, khungu n'kutukukanso. Pamafunika guluu amene pachitini pake palembedwa kuti ndi wa vinyl ndipo amapirira kutentha. Ndinamupaka mopyapyala mbali zonse ziwiri, ndinadikira mpaka atasiya kumata chala, kenako ndinafunditsanso khungu n'kuligoneka kuyambira pakati kupita m'mphepete. Pomanga sindinagwiritse ntchito zopanira zachitsulo, zimene zimasiya mano pakhungu lofunda. Ndinang'amba chitenje chakale n'kupanga timalamba, ndinakulunga chotsamira chonse ngati mwendo wothyoka, mothina mofanana paliponse, n'kuchisiya masiku awiri.

Mng'alu wa pamwamba ndinali nditauikira kale kansalu kopyapyala pansi pake, komatidwa mbali zonse ziwiri, kuti milomo yake isadzatsegukenso chigongono chikatsamira. Kampata kotsala ndinakadzaza ndi phala lokonzera vinyl, lomwe likauma limapindika, ndikulipaka mopyapyala katatu m'malo molithira kamodzi, chifukwa likachuluka limafota pouma n'kusiya kadzenje. Pa timizere malume anandionetsa njira imene anaphunzira kalekale: tinathira silikoni woumbira pamalo abwino a chotsamira cha kumbuyo, ataphimbidwa m'mbali, ndipo atauma tinamatula kachidindo kokhala ndi timizere ta galimoto yomweyo. Kachidindoko ndinakadinda pa phala lomaliza lisanaumitsitse. Ulendo woyamba ndinadina kwambiri, timizere tinazama kuposa toyandikana nato, ndipo ndinapala n'kuyambiranso. Ulendo wachiwiri zinagwirizana. Pamalo pamene tinaumbira ndinatsukapo mobwereza, chifukwa silikoni ndi mdani wa utoto kulikonse kumene wakhudza.

Silikoni yemweyo anationetsa mphamvu yake pa chotsamira cha kutsogolo kumanzere. Ndinali nditachitsuka mokwanira m'maso mwanga, koma nditapopera utoto pang'ono pansi pake kuti ndiyese, panatuluka timaenje tozungulira, towala pakati, ngati maso a usipa. Polishi wa zaka zambiri anali atalowerera m'timizere. Ndinapukuta utoto usanaume, ndinatsukanso kawiri ndi sopo ndi alcohol, ndikusintha kansalu pafupipafupi kuti ndisangosuntha mafuta kuchoka apa kupita apo, mpaka madzi atasiya kupanga timibulu n'kuyamba kuyala bwino pakhungu. Chizindikiro chimenecho ndi chimene ndimachikhulupirira kuposa maso.

Utoto wake ndi wopangidwira vinyl, wogulidwa kusitolo ya penti wa magalimoto, ndipo umalowerera pamwamba pa khungu n'kumapindika nalo limodzi. Munthu angaganize kuti chakuda n'chakuda basi, koma pali chakuda chofiirira, chakuda chobiriwira ngati thambo, chonyezimira ndi chozimiririka, ndipo kusiyana kwake kumaoneka zinthu ziwiri zikagundana. Tinayesa mitundu itatu pa zidutswa za vinyl, tinatuluka nazo panja masana n'kuzigoneka pambali pa zotsamira za kumbuyo ndi pa chikuto cha chitseko, chifukwa magetsi a m'nyumba amanama. Tinasankha wonyezimira pang'ono chabe. Kuzizira kwa Julayi kunatikakamiza kupopera pakati pa 11 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, pamene kunja kumafunda, chitini chitaviikidwa kaye m'madzi ofunda kuti utoto uzituluka ngati nkhungu. Ndinavala masiki, chitseko cha shopu chili chotsegula, ndipo ndinapopera kuchokera pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 25, mopyapyala kwambiri moti ulendo woyamba khungu linkaonekerabe pansi. Ndinapopera kanayi, ndikudikira mphindi pafupifupi 10 pakati pake. Amene amapopera kamodzi mokhuthala amadzaza timizere, chotsamira n'kumaoneka ngati chaviikidwa m'phula, ndipo utoto wokhuthala ndi umene umadzayamba kusupuka.

Tinazisiya masiku atatu pashelefu, zitaphimbidwa ndi katoni kuti fumbi la siponji la m'shopu lisagwerepo. Kenako ndinamata tepi pansi pa chilichonse n'kuikoka mwamphamvu, ndipo inabwera yoyera. Ndinadina ndi chala chachikulu pamene panali mng'alu, khungu linalowa n'kubwerera osasiya mzere. Mitu ya masikuluu ndinaichotsa penti uja, ndipo kamzere ka nkhungu yakuda pa chikuto kanachoka ndi alcohol ndi kansalu. Pomangirira ndinalowetsa masikuluu onse ndi dzanja kaye, kenako n'kumanga mpaka atagwira, osafinya, chifukwa sikuluu yomangidwa mopitirira imakoka chitsulo n'kupinda khungu lakale.

Mwini galimoto anabwera kutatsala masiku asanu kuti chionetsero chichitike. Asanalowe ndinawapempha kuti agwade pa chitseko cha kumbuyo kumanzere, ndipo ndinawaonetsa chipsera cha thinners, n'kuwauza mmene chinabwerera. Ndinawaonetsanso ndi tochi pamene panali mng'alu, chifukwa kuwala kukayenda chopingasa munthu wodziwa akhoza kupeza kamalo kamene timizere take ndi tozamirapo pang'ono. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, wachita bwino kundionetsa wekha, ndikanadandaula ndikanachipeza ndekha kunyumba." Analowa, anatseka chitseko pokoka pamalo pomwe tinakonza paja, anaika chigongono, n'kukhala choncho kwa kanthawi injini isanalizidwe.

Malume anawauza kuti asadzapakenso polishi wonyezimiritsa wa mtundu uliwonse, azingopukuta ndi kansalu konyowa ndi sopo pang'ono, aziphimba magalasi galimoto ikaima padzuwa, ndipo m'galaja azisiya mawindo otsegula pang'ono m'miyezi yotentha. Ine ndinawonjezera kuti kwa milungu iwiri asamatsamirepo ndi mkono wodzola mafuta.

Anabweranso nayo kumapeto kwa Okutobala, mvula yoyamba ya mabingu itagwa kale, pamene ankadzafunsa za mpando wa lole yawo ina. Galimoto inali itaima padzuwa la ku Zwartkops tsiku lathunthu, ndipo inali itapita ku Modderfontein kawiri. Iwo akukambirana ndi malume ndinatenga tepi, ndinatsegula chitseko cha dalaivala, ndinaimata pamwamba penipeni pamene chigongono chimakhala, n'kuikoka. Sinabwere ndi kanthu, ndipo m'mphepete mwa pansi khungu linali logwirabe ngakhale m'kati mwa galimoto munali motentha. Ndikutseka chitseko ndinaona kuti kumunsi kwa chikuto cha chitseko cha kumanzere vinyl yayamba kutukuka pa ngodya, pamene madzi a mvula amadutsira m'kati mwa chitseko, ndipo tinapangana kuti abwere nayo mvula ikadzatha, mu Meyi, kuti thabwa la kuseri lidzakhale litauma tisanalikhudze.